Nyumba zakale za m'maesiteti a tiyi zitsegukire ana a kwa Khwethemule

Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo amadziwa pamene dziko limasinthira maonekedwe. Ukangopitirira pa Bvumbwe, timinda ta chimanga timayamba kuchepa, ndipo m'malo mwake mumabwera tiyi wobiriwira, wodulidwa msinkhu umodzi, woyala m'zitunda mpaka polekezera maso. Mkati mwa tiyiyo muli nyumba zakale za eni maesiteti, za makonde aakulu, zozunguliridwa ndi kapinga, maluwa ndi mitengo ikuluikulu. Muli madamu, muli timitsinje totsetserekera ku Nsuwadzi ndi ku Ruo, mulinso tizigawo ta nkhalango yachilengedwe imene m'madera ambiri a bomali inatha kalekale. Zina mwa nyumbazi lero ndi malo ogona alendo, ndipo anthu amachokera ku Ulaya, ku Johannesburg ndi ku Lilongwe kudzagonamo, kudzalawa tiyi ndi kudzayenda m'nkhalangozo. Koma mwana wa kwa Khwethemule, amene mayi ake amalawirira ndi dengu kumsana kukathyola tiyi, angathe kumaliza Sitandade 8 asanapondepo pakhonde la nyumba ngakhale imodzi. Palibe chikwangwani chomuletsa. Chomutchinga ndi mtengo wolowera, ulendo, ndi mantha a chipata cha esiteti amene makolo ake anamusiyira. Ine ndikuti nyumba zimenezi, pamodzi ndi maluwa ndi nkhalango zake, ndi mbiri ya anthu a ku Thyolo, ndipo nthawi yakwana yoti eni dera azilowamo pa masiku oikika, n'kumamvamo mbiri yonse ya malowo, yokoma ndi yowawa yomwe.

Zoti n'kukaona zilipo ndithu. Esiteti ya Satemwa, m'mphepete mwa phiri la Thyolo, inayambitsidwa mu 1923 ndi Maclean Kay, mzungu wa ku Scotland amene poyamba ankalima raba ku Malaya. Nyumba ya banja lake, Huntingdon House, inamangidwa mu 1928, ndipo lero ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu, pamene esitetiyo ikadali m'manja mwa banja lomwelo. Ku esiteti ya Conforzi, imene inakhazikitsidwa ndi banja lochokera ku Italy, nyumba ina yakale inasandutsidwanso malo ogona ndi odyera alendo, yotchedwa Thyolo House. Tiyi amene wazungulira nyumbazi ali ndi mbiri yakeyake. Mbewu zake zinayesedwa koyamba pa mishoni ya Blantyre, kenaka Henry Brown anazibzala ku Mulanje mu 1891, n'chifukwa chake dziko lino limawerengedwa m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kulima tiyi wogulitsa. Nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni zimene zimakuta Thyolo miyezi yozizira ndi zimene zimathandiza tiyi kupirira chilimwe. Mwana wasukulu akaima m'munda n'kuonetsedwa timasamba tiwiri ndi kansonga timene wothyola amasankha, akalowa m'fakitale n'kuona masamba akufota, akupinyidwa, akusintha mtundu ndi kuumitsidwa ndi moto wa nkhuni za bulugamu, amaphunzira tsiku limodzi zimene bolodi silingamupatse teremu yonse.

Koma mbiri imene mlendo amamva kawirikawiri m'malo otere ndi ya banja lomanga nyumba: anafika liti, anabzala chiyani, anakwatira ndani, ana anabadwira m'chipinda chiti. Mbiri imeneyi ndi yoona, ndipo palibe chifukwa choifufutira. Vuto ndi lakuti ndi theka chabe. Theka linalo limayamba kale Huntingdon House isanamangidwe, m'zaka zoyambirira za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, woimira boma la Britain, anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu ndi makampani amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malo okwana mahekitala pafupifupi 1.5 miliyoni, gawo la 15 mwa magawo 100 a dziko lonse, anapita m'manja mwa anthu owerengeka, ndipo kuno kumapiri a Shire anali malo achonde kwambiri. Zikalata zambiri zinali ndi mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, ndipo mu 1903 woweruza Joseph Nunan anagamula, pa mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, kuti anthu otere sayenera kulipira lendi. Koma chigamulocho sichinafike patali. Anthu ankasuntha midzi monga mwa chizolowezi cha ulimi wa nthawiyo, ndipo akangosuntha chitetezo chija chinkawathera. Komanso chiyambire m'ma 1890, Alhomwe zikwizikwi ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Iwo analibe chikalata chilichonse chowateteza, ndipo eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri, chifukwa anapeza anthu oti sangakane ntchito.

Apa ndi pamene thangata inamera mizu. Banja lokhala pa esiteti linkalipira malowo ndi thukuta: mwezi wina kugwirira lendi, mwezi wina kugwirira msonkho wa nyumba, umene unali wowirikiza kwa munthu amene sanagwire ntchito kwa mzungu. Miyezi imeneyi inkafunidwa nthawi ya dzinja, pamene munda wa munthuyo ukufuna khasu. Kapitawo akakana kulemba tsiku pa tikiti poti mgwazo sunathe, mweziwo unkatalika, ndipo madandaulo otere ndi ena mwa amene anamveka pa kafukufuku wotsatira kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, kumene kunagwera pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Lamulo la mu 1928, chaka chomwecho chimene Huntingdon House inamangidwa, linaika mtengo wa lendi komanso linalola eni malo kuthamangitsa gawo la anthu okhala pa malo awo zaka zisanu zilizonse. Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza nkhani ya malo mu 1946, anapeza kuti anthu ankadana ndi dongosololi kwambiri, ndipo boma linayamba kugula malo ena m'maesiteti kuti likhazikepo anthu. Zimenezi zinachedwa. Mu Ogasiti 1953, nthawi imene dziko linali litatentha kale ndi nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mkangano wa malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza unayatsa chipolowe chimene chinafalikira m'boma lonse la Thyolo ndi maboma oyandikana nalo. Anthu anatseka misewu, anakana msonkho ndi lendi, ndipo pofika pozizira zinthu Amalawi 11 anali ataphedwa. Thangata inadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu.

Sindikunena kuti esiteti iliyonse inachita nkhanza zofanana, kapena kuti mdzukulu wa mwini malo lero ayankhe mlandu wa agogo ake. Mabanja ngati a Kay anagula malo patapita zaka makumi atatu kuchokera pa zikalata za Johnston, ndipo maesiteti ankasiyana pa kasungidwe ka antchito. Chimene ndikunena n'chakuti njerwa za nyumbazo zinaumbidwa ndi manja a anthu a kuno, matabwa ake anachekedwa ndi anthu a kuno, zitsa zinazulidwa ndi anthu a kuno, ndipo kapinga amene mlendo amamusirira wakhala akutchetchedwa ndi mibadwo itatu kapena inayi ya mabanja a m'midzi yozungulira. Nyumba imene ili ndi chithunzi cha woimanga pakhoma koma ilibe ngakhale dzina limodzi la mmisiri, khukhi, wam'maluwa kapena mlezi wa ana ikufotokoza mbiri yopunduka.

Wina anganene kuti mlendo amalipira ndalama zake kuti adzapume, osati adzamve za thangata, ndipo kuti nkhani zotere zingathawitse makasitomala. Zimene zachitika kwina sizikugwirizana ndi mantha amenewa. Ku Louisiana, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi, kuli nyumba zambiri zakale za eni minda ya nzimbe zimene kwa zaka zambiri zinkangoonetsa alendo mipando yokongola ndi mitengo ya pabwalo. Imodzi mwa izo, Whitney Plantation, inatsegulidwa mu 2014 ngati malo ofotokoza moyo wa akapolo amene ankagwira ntchito pamenepo, mayina awo atalembedwa pa zipilala, ndipo anthu amapitako chifukwa cha zimenezo. Ku Britain, bungwe la National Trust, limene limasamalira nyumba zakale za anthu olemera, linatulutsa lipoti mu 2020 losonyeza kuti malo ake 93 ali ndi mbiri yokhudzana ndi ukapolo kapena utsamunda. Anthu ena anakwiya, andale ena anadzudzula, koma nyumbazo sizinatsekedwe ndipo alendo sanaleke kupitako. Munthu amene wakwera ndege kuchoka ku London n'kudzafika mpaka ku Thyolo si munthu woopa mbiri. Ambiri mwa alendo otere amapita ku Nkhotakota kukamva za Jumbe ndi malonda a akapolo, ndipo sanena kuti tchuthi chawo chawonongeka. Chimene chimakhumudwitsa mlendo wanzeru ndi kudzazindikira atabwerera kwawo kuti anamubisira nkhani yaikulu ya malo amene anagonapo.

Mtsutso wolemera kuposa onse ukuchokera kumudzi komweko, ndipo suyenera kupeputsidwa. Bambo wa kwa Khwethemule amene ali ndi kamunda kosakwana ekala, ana asanu, ndi nthochi zimene zinatha ndi matenda a chisaka, angafunse kuti kodi akadya maluwa. Iye akufuna malo olima, osati ulendo wokaona kapinga wothiriridwa. Funso lakelo lili ndi maziko. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, pamene gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, makadamiya ndi bulugamu. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayenda kuyambira 2004 mpaka 2011 ndi thandizo la World Bank, inakhazika mabanja oposa 15,000 pa malo atsopano, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje atasamukira ku Machinga ndi Mangochi, koma njala ya malo siinathe. Mu 2016 gulu la People's Land Organisation, lotsogoleredwa ndi Vincent Wandale, linayesa kulowa mu esiteti ya Conforzi, ndipo nkhaniyo inathera m'manja mwa apolisi ndi makhoti. Ndikuvomereza poyera kuti kutsegula zipata kwa ana asukulu sikuwonjezera ngakhale mzere umodzi pa munda wa munthu, ndipo eni maesiteti akatenga maulendo otere ngati chophimba m'maso kuti nkhani ya malo isakambidwe, anthu adzakhala ndi chifukwa chomveka chowakanira. Komabe taonani mmene nkhani ya malo imakambidwira lero. Mbali ina imagwira chikalata cha umwini n'kumati zonse zinachitika mwalamulo. Mbali inayo imagwira zimene agogo anasimba n'kumati zonse zinabedwa. Pakati pawo palibe bwalo limene onse awiri anayamba aimapo n'kuyang'ana mapu amodzi, kuwerenga chikalata chimodzi, kuloza pamene panali mudzi ndi manda. Mnyamata amene waona ndi maso ake chikalata cha m'ma 1890, amene akudziwa zimene Nunan anagamula ndi zimene Abrahams anapeza, adzakambirana za malo ndi mfundo zimene loya kapena nduna sangazikankhire pambali, ndipo sadzanyengeka msanga ndi wandale wolonjeza kugawa esiteti chisankho chikayandikira. Kudziwa mbiri sikulowa m'malo mwa chilungamo pa nkhani ya malo, koma popanda kudziwa, chilungamocho chimangofunidwa ndi zikwanje mbali ina ndi utsi wokhetsa misozi mbali inayo.

Pa za nkhalango, eni maesiteti ali ndi mantha awoawo, akuti ukalola anthu kulowa lero, mawa ubwera kudzapeza zitsa ndi mauvuni a makala. Umboni umene amaloza suli patali. Nkhalango ya boma ya pa phiri la Thyolo, imene inali yowirira ndi mitengo yachilengedwe, inadulidwa pafupifupi yonse pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo tizigawo totsala tambiri tili m'malo a maesiteti, makamaka ku Satemwa. Mbalame yosowa imene akatswiri anaitcha dzina la boma lino, Thyolo alethe, inataya malo ake aakulu pa phiri lomwe linaipatsa dzinalo. Pamenepa maesiteti ayenera kuyamikiridwa popanda kuzengereza: akanapanda kuteteza mitengo ya m'makwawa ndi m'mphepete mwa timitsinje, bwenzi mwana wa lero alibe poti n'kukaona mmene Thyolo ankaonekera kale. Koma phunziro la phirilo si lakuti anthu a m'midzi ndi adani a mitengo. Nkhalango ija inatha chifukwa anthu osowa malo ankaiona ngati ya boma, ya alonda, chinthu choletsedwa chimene sichinawapindulire kanthu, ndipo ulamuliro utafooka anailowa. Nkhalango ya esiteti imene ikutetezedwa ndi mlonda yekha ili pa ngozi yomweyo tsiku limene mlonda adzafooke. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu ambiri ndi kukokolola minda m'maboma a kummwera kuphatikizapo Thyolo, anaonetsa chimene chimachitika pa mtunda wopanda mitengo. Ana amene anaona matope akutsika m'mapiri ndi amene ayenera kutengedwa kukaima pa kasupe wa m'nkhalango yosadulidwa mwezi wa Okutobala, n'kuona madzi akutulukabe pamene mitsinje ya kwawo yauma. Gulu la ana makumi atatu loyenda ndi mphunzitsi ndi wolondolera pa kanjira kodziwika silidula mtengo.

Zoti malowa ndi a eni ake, ndipo kuti boma silingakakamize munthu kutsegula pakhomo pake, n'zoona, ndipo sindikupempha lamulo lokakamiza. Ndikupempha mgwirizano umene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zimene maesiteti amawononga kale pa alonda, milandu ndi kukonza zowonongeka pa mikangano. Masiku angapo pa teremu, pakati pa sabata pamene alendo olipira ndi ochepa, thirakitala kapena lole ya esiteti imene imanyamula masamba ingathe kukatenga ana pa sukulu. Chipinda chimodzi, ngakhale sitolo yakale ya fodya, chingathe kukhala ndi zithunzi, mapu, matikiti akale a ntchito, sikelo ndi madengu, zonse zofotokozedwa m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, osati m'Chingerezi chokha. Makampani a tiyi anaonetsa kale kuti amatha kusintha akafuna. Mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba pangano la malipiro ndi bungwe la antchito la Plantation and Agriculture Workers Union, chinthu chimene kale chinkaoneka ngati chosatheka. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zolipira ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni pa mlandu umene amayi 36 anakasuma ku London wokhudza nkhanza za kugonana m'maesiteti, ngakhale siinavomere kulakwa. Ogula tiyi kunja tsopano amafunsa za moyo wa wothyola asanafunse za mtengo. Esiteti imene imalandira ana a antchito ake pakhonde, n'kuwauza zoona za kumene malowo anachokera, ili ndi yankho labwino kwa ogula amenewo kuposa kabuku kosindikizidwa bwino.

Nalo boma lili ndi gawo limene lakhala likulinyalanyaza. Nthambi yoona za zipilala ndi zinthu zakale imasamala Mandala House ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ngati chuma cha fuko, ngakhale zonsezi zinamangidwa pansi pa azungu. Palibe amene amati kusunga Mandala House ndi kutamanda atsamunda. Nanga n'chifukwa chiyani m'boma limene thangata inaluma kwambiri, kumene anthu anafa mu 1953, mwana wasukulu amaloweza za chipolowecho kuti akhoze mayeso koma sanaonetsedwepo malo amene chinayambira? Zikalata zilipo ku National Archives ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi, mu Mandala House momwemo, ili ndi zithunzi ndi mabuku a nthawi imeneyo. Maesiteti akale nawonso ali ndi mabuku awo a malipiro ndi mayina a antchito. Chosowa ndi munthu woti azibweretse ku Thyolo.

Chimene sichingadikire ndi okalamba. Munthu amene anali ndi zaka 15 pa chipolowe cha 1953 lero wapitirira zaka 85, ndipo amene anagwira thangata ndi manja awo akutha mmodzimmodzi m'midzi ya kwa Khwethemule, Nchiramwera, Kapichi, Mphuka ndi Changata. Iwo ndi amene akudziwa pamene panali midzi tiyi asanabzalidwe, dzina la kasupe aliyense, nyimbo zimene ankaimba pozula zitsa, ndi mayina amene ankapatsa azungu ndi akapitawo. Foni yam'manja ndi yokwanira kujambula mawu awo, ndipo ophunzira a m'sukulu za sekondale za m'deralo, motsogozedwa ndi aphunzitsi a mbiri, angagwire ntchitoyo m'tchuthi chimodzi. A Mulhako wa Alhomwe, amene chaka ndi chaka amasonkhanitsa khamu la anthu kwa Chonde, ali ndi chifukwa chachikulu chothandizira, pakuti mbiri ya Alhomwe m'dziko muno singafotokozedwe popanda maesiteti.

Inu a Mfumu Khwethemule ndi mafumu anzanu, itanani mamanejala a maesiteti oyandikana nanu, pamodzi ndi bwanamkubwa wa boma la Thyolo ndi alangizi a maphunziro, mugwirizane masiku oyamba a maulendowa teremu ikubwerayi. Inu eni maesiteti, musadikire kuti ana abwere kudzagogoda: tumizani kalata ku sukulu yapulayimale imene ili pafupi ndi chipata chanu, ndipo pa ulendo woyambawo muitane agogo awiri kapena atatu amene anagwirapo ntchito pa malo anu kuti alankhule okha.